Kusaka Maloto a Maliro

Ukwati wanga unatsala pang'ono kulephereka chifukwa apongozi anga anaulota. Munthu amene sanakulire kuno angayese kuti kulota ukwati wa mwana wako ndi dalitso, koma ife tinkadziwa kuti maloto amayenda chafutambuyo. Ukalota anthu akuvina paukwati, yamba kutolera nkhuni za pamaliro. Ukalota maliro, gona mtima uli m'malo, kukubwera ukwati kapena mwayi wina. Zimenezi sitinkaphunzira kusukulu kapena kutchalitchi, koma panalibe mwana wosazidziwa.

Inali nthawi ya Chitaganya, pamene azungu anaphatikiza dziko lathu ndi maiko ena awiri. Ine ndinali mtsikana wa ku Nancholi, mwana wa kalipentala. Bambo anga anachoka kwa Apwitikizi ali kumsana kwa amayi awo. Anakulira kuno, kubatizidwa kuno, koma anthu ankatitchabe obwera, ndipo akafuna kutiseka ankati Alomwefe timadya njoka. Masana bambo ankakhoma mashelefu kwa mmwenye wina ku Limbe, koma chimene anatchuka nacho ndi mabokosi a maliro amene ankapanga kunyumba. Munthu akatsirizika kulikonse chakumwera kwa tauni, uthenga unkayamba kufika kwathu abale ake ena asanamve.

Mnyamata amene anandifunsira anali kalaliki pa ofesi ina m'tauni mwa Blantyre. Anali ndi njinga yabelu, tayi, ndi Chingerezi chimene ankachitulutsa ngakhale pogula tomato. Ndinkamukonda kwambiri, tayi wakeyo ndi zonse. Kwawo kunali ku Chimwankhunda, banja la pamishoni kuyambira kale, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Zonse zinkayenda bwino mpaka ofesi yake inamuuza kuti mvula ikangotha asamukire ku Halale. Masiku amenewo makalaliki ankawasuntha ngati mipando, poti akuti tsopano ndife dziko limodzi.

Aliyense ankadziwa za mwamuna wopita ku Halale yekha. Amalonjeza kuti abwera pa Khirisimasi, kenako Khirisimasi inayo, kenako mumangomva kuti ndi mtchona, ali ndi ana olankhula Chizezuru cha kumeneko. Ku Nancholi kunali akazi angapo amene anakalamba akuyang'ana kunjira. Choncho nkhani inali yachidule: tikwatirane mvula isanathe ndipite naye, apo ayi ndiiwale.

Amayi a mnyamata wangayo anali mkazi wamasiye, wamtali, mtsogoleri wa amayi a mpingo komanso womasulira maloto wa dera lonselo. Ntchito ziwirizi ankazisenza popanda kuona kuti zikutsutsana. Abusa akadzudzula, iwo ankangofunsa ngati anthu amene timawawerenga paguwa aja sankalota. M'mawa uliwonse akazi opita kumadzi ankatula ndowa pakhomo pawo n'kuyamba kufotokoza. Wolota nsomba ankauzidwa kuti ayambe kusoka timalaya ta khanda. Wolota dzino likuguluka ankauzidwa kuti akazonde abale ake kumudzi. Madzi oyera anali mwayi, amatope matenda, nyama yaiwisi maliro. Wolota ataponda zonyansa ankachoka akumwetulira, chifukwa zimenezo ndi ndalama. Wolota akuuluka sankabwera n'komwe, ankasunga yekha. Zinthu za m'tauni zimene makolo sanazisiyire tanthauzo, iwo ankazipezera lawo. Kulota sitima kunali kusiyana ndi m'bale, kulota mzungu kunali msonkho, ndipo pa mzungupo sanaphonyepo.

Ndiye tsiku lina mnyamata wanga anandipeza kumsika wa Blantyre kumene ndinkagulitsa masamba a amayi, nkhope itagwa. Anati amayi ake alota ukwati wathu: tchalitchi chodzaza, diresi loyera, mpunga, nthungululu, anthu akuvina mpaka fumbi. Adzuka ndi mantha, ndipo aletsa amalume ake kupita kwathu kukamanga chinkhoswe.

"Ndi supasitishoni chabe," anatero akukonza tayi. "Munthu wophunzira sangalabadire zimenezo."

"Ndiye auzeni amalume anu abwere Loweruka."

"Aaa, iwe, amalume sangadutse mawu a alongo awo. Amayi akuti tidikire. Akadzalota maliro, ndiye kuti loto loyambalo lafufutika."

"Nanga inu ophunziranu mukuti bwanji?"

Anayang'ana belu la njinga yake n'kunena kuti kudikira pang'ono sikupha munthu. Ndinalakalaka kumuponyera kabichi kumaso.

Amayi anga atamva anawomba m'manja kamodzi n'kuseka chiseko chowawa. Iwo anati palibe loto apa, mayiyo sakufuna mwana wa Mlomwe, mwana wa wokhoma mabokosi, basi. Likanakhala loto lenileni akanakalinena padzala m'mamawa n'kulavula malovu, likanathera pomwepo, osati kuliuza anthu kuti limere miyendo. Ine ndinagwirizana nawo. Ndipo ngati linalidi loto, zinali zoonekeratu kuti wovala diresi loyerayo ndine, ndiye kuti wakufayo ndine. Sindinaone chifukwa choti mayi wina andidere nkhawa kuposa mwiniwakene.

Bambo anali pabenchi lawo akupala thabwa. Sanali munthu wolowerera nkhani za akazi, koma tsikulo ananena osadzutsa mutu kuti iwo chiyambire ntchito imeneyi amalota mabokosi okhaokha, ndipo ngati maliro ali ukwati, bwenzi atakwatira akazi a tauni yonse. Munthu amalota zimene waona, anatero. Amayi anawayang'ana ndi diso loipa, koma ine mawuwo ndinawatola.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka Mkhristu wachangu kuposa onse mu mpingo. Uthenga wa maliro ukangofika kwa bambo, ine ndinkamanga nsalu, ulendo wa ku Chimwankhunda kukawauza amayi aja kuti kwakuti kwagwa zovuta, kodi sitikakhuza? Mtsogoleri wa amayi sangakane maliro. Ndinkawanyamulira mkeka ndi ambulera. Tinapita ku Zingwangwa, ku Manase, ku Chilobwe, ku maliro a anthu a mpingo wathu ndi a mipingo ina, a Akatolika ngakhale a anthu amene sitinawaonepo chibadwire. Ndinkawakhazika pafupi ndi bokosi penipeni, ndipo nthawi yoona nkhope ndinkaonetsetsa kuti aona bwinobwino. Anthu anayamba kunditama kuti mwana wa kalipentala uja ali ndi mtima wachifundo, maliro n'kulirana, atsikana ena atengerepo chitsanzo. Amayi anga okha ndi amene ankadandaula, chifukwa masamba awo ankafota pamsika.

M'mawa mwake mnyamata wanga, wosakhulupirira maloto uja, ankadzera kumsika asanalowe mu ofesi kudzandiuza zotsatira. Titachoka ku maliro aakulu a mphunzitsi wina, kumene anthu analira mpaka mawu kusasa, amayi ake analota mbuzi ikudya sopo. Ulendo wina analota akukazinga zitumbuwa. Ulendo winanso analota mzungu, ndipo anthu a msonkho anabweradi. Maliro okha ndiwo ankakana kulowa m'tulo tawo. Uku mvula inayamba kuperewera, chimanga chinayamba kuuma ndevu, ndipo ku ofesi anali atamuuza kale kuti akonzeke. Usiku ndinkamvetsera padenga, ndipo kukakhala zii mtima unkandipweteka.

Maliro otsiriza amene tinapita limodzi anali kutali, kuseri kwa Limbe, a bambo wina wogwira ntchito kunjanji. Tinakwera basi mpaka m'Limbe, kwinako wapansi. Womwalirayo anali wamtali zedi, ndipo adzukulu anakumba manda aafupi. Bokosi litafika linakana kulowa. Analitulutsa, kuliika pambali, n'kuyambanso kukumba, kwaya ikubwereza nyimbo imodzimodziyo mpaka oimba anayamba kuyang'anana. Kenako tambala wofiira, sindikudziwa anachokera kuti, anakwera pamulu wa dothi n'kulira ngati kwacha. Mkulu wa mpingo pomuthamangitsa anaterereka, nsapato imodzi n'kugwera m'dzenje. Anamfedwa omwe analuma nsalu kuti asaseke.

Pobwerera tinayenda wapansi mpaka pafupi ndi masitolo a amwenye. Pamenepo amayi aja anaima n'kundilanda ambulera wawo.

"Mwanawe, miyendo yanga yatha. Ukuyesa sindikudziwa chimene ukundizunguliritsira manda a tauni yonseyi?"

Ndinayang'ana pansi.

"Loto lochita kulitsata ndi mapazi si loto. Ngakhale nditalota maliro lero, ndidziwa kuti ndi tambala uja wandilowa m'mutu. Loto lenileni limabwera lokha."

Apa ndiye mkwiyo wanga unasefukira, ndipo ndinalankhula zimene mtsikana woleredwa bwino salankhula kwa mayi wa mwamuna, pamsewu, amwenye akuonerera pamakonde awo. Ndinati anene poyera kuti sakufuna Mlomwe pakhomo pawo, asabisale kumbuyo kwa tulo. Ndinati ngati wakufayo ndine, imfayo ndi yanga, andisiye ndife ndili pabanja. Ndinati mwana wawo akakwera sitima yekha sadzamuonanso, ine ndidzakalamba ndikugulitsa mpiru, iwo adzafa osanyamula mdzukulu, ndipo pamenepo adzamasulire bwino loto lawolo. Ndinalira ngati mwana. Iwo anatsegula ambulera ngakhale kunalibe mvula n'kuyamba kuyenda. M'basi tinakhala motalikirana. Ndinafika kunyumba ndikudziwa kuti ukwati ndaupha ndekha ndi pakamwa panga.

Patangopita masiku ochepa, m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinaona amayi aja akubwera ndi mlongo wawo, mwana wawo ali pambuyo akukankha njinga. Amayi anga anayala mkeka nkhope ili gwa. Atalonjerana, mayi aja anakonza duku lawo n'kunena kuti abwera ndi nkhani yabwino.

"Ndalota maliro," anatero. "Maliro a mwana wanuyu. Ndamuona ndi maso angawa ali m'bokosi, atamutseka pakamwa ndi kansalu, ali phee."

Amayi anga analiza nthungululu imene inamveka mpaka kumtsinje. Anansi anathamangira kudzamva, ndipo atauzidwa kuti ndalotedwa ndili m'bokosi anayamba kundikumbatira. Amalume aja anagwira bambo dzanja osafuna kulisiya. Wophunzira wanga anavula chipewa n'kunena kuti iye ankadziwa kuti zitha bwino. Chibadwire sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo, akuti ndafa.

Anthu anapempha kuti alifotokoze lonse, poti loto labwino salidula. Mayi aja anafotokoza. Anati manda anali aafupi, bokosi linakana kulowa, ndipo amayi anga anati eya, ndiye kuti moyo wautali. Anati kwaya inkangobwereza nyimbo imodzi. Anati tambala wofiira anakwera pamulu wa dothi n'kulira, ndipo amalume anati ameneyo ndi mwana wamwamuna woyamba. Atafika pa nsapato ya mkulu wa mpingo, ine ndinadzutsa mutu. Maso athu anakumana, iwo sanaphethire. Pabwalo lonselo panalibe wina amene anali nafe kuseri kwa Limbe. Mtsogoleri wa amayi a mpingo ankanama m'mawa kukuwala, ndipo ndinaganiza kuti ndawagonjetsa. Ndinasangalala kwambiri, osawamvera chisoni ngakhale pang'ono.

Chinkhoswe chinachitika mwachangu, abusa analengeza kutchalitchi, telala wa pakhonde ku Limbe anayamba kusoka diresi. Sabata ya ukwati, ndikuchokera koyesa diresilo, ndinapeza bambo akupala matabwa a mkungudza, amene ankasungira anthu olemekezeka okha. Ndinadabwa chifukwa sindinamve za maliro alionse, ndipo ine pa nthawiyo maliro ndinkawadziwa kuposa abusa. Anamfedwa akamabwera kudzagula bokosi ankabweretsa bango kapena chingwe chimene ayezera mtembo. Pabenchi panali chingwe chachitali choluka ndi timizere ta nsalu yakuda ndi yoyera.

"Bambo, wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Nanga bokosili?"

Anaika pansi chopalira. Kenako anati mwiniwake wabwera yekha ndi miyendo yake, wadziyeza yekha, ndipo wawapempha kuti asauze munthu. Anati pa zaka zonse za ntchito yawo sanalandirepo chingwe m'manja mwa mwini bokosi. Sananditchulire dzina, koma akazi aatali choncho mu mpingo mwathu analipo mmodzi.

Ndinathamanga mpaka ku Chimwankhunda. Ndinawapeza pakhonde akusita bulauzi yoyera ya amayi a mpingo ndi simbi yamakala, duku loyera litapindidwa kale pambali. Sanadabwe pondiona.

"Kalipentala ndi pakamwa pake," anatero.

"Sananene kanthu. Ndaona chingwe. Amayi, mukudwala?"

"Ndili bwinobwino, mwanawe. N'chimene chikundiwawa."

Anaika simbi pamwala n'kundiuza kuti ndikhale. Anati m'loto loyamba lija wovala diresi loyera sindinali ine. Ine ndinali pakati pa anthu, ndikugawa mpunga. Mkwatibwi anali iwowo, ndi imvi zawozo, nkhata yamaluwa kumutu, ndipo amene anawagwira dzanja potuluka m'tchalitchi anali malemu amuna awo, atavala jekete limene anawaika nalo m'manda. Loto lotero silifuna womasulira. Anadziwa kuti mwana wawo akadzangokwatira, bambo ake abwera kudzawatenga.

"Ndiye mumati ndimadana ndi Alomwe," anatero akuseka pang'ono. "Ine ndimaopa kufa, mwanawe. Zaka zonsezi ndauza anthu kuti limbani mtima, kumwamba n'kwabwino, koma itafika nthawi yanga ndinaona kuti kuno sindinakhute. Ndimati ndikankhe mwezi umodzi, kenako wina. Ndimapempha usiku uliwonse kuti ndilote maliro, iwe n'kumandithandiza ndi ambulera. Koma unanena zoona pamsewu paja, ngakhale unanena mwamwano. Mwana akapita yekha, ndamuika m'manda ndine."

Ndinayesa kuwauza mawu a bambo, kuti munthu amalota zimene waona, kuti mayi aliyense amene mwana wake ali pa chibwenzi angalote ukwati. Ndinafika mpaka pobwereka mawu a mwana wawo akuti supasitishoni. Anandiyang'ana monga umayang'anira mwana amene akukuphunzitsa kuyatsa moto. Kenako ndinanena chimene sindinkafuna kunena, kuti ngati zili choncho tiuimitse ukwatiwo. Ndinanena ndi pakamwa pokha, mtima ukupempha kuti akane, ndipo ndikuganiza kuti anaona.

"Mpunga tagula kale," anatero. "Koma zinthu ziwiri. Mwana wanga asamve, angagwe nayo njinga. Ndipo Loweruka ukandiona ndikuvina, usatume munthu kudzandikhazika pansi. Paukwati wanga amishoni anatiletsa kuvina."

Anatenganso simbi yawo, kuiuzira makala, n'kupitiriza kusita kolala.

Ndinene pano kuti mayi amenewa anakhala ndi moyo zaka zambirimbiri. Chitaganya chinatha iwo alipo, ife tinabwerako ku Halale n'kuwapeza, analera ana anga onse ndi kuwamasulira maloto awo. Bokosi lija linakhala kuchipinda kwawo likusunga mtedza, mpaka anaikidwamo mlongo wawo, amalume aja. Akafunsidwa, ankati loto silinama, koma amuna awo anali munthu wochedwa kuyambira kale. Koma izi tinazidziwa pambuyo. Loweruka limenelo panalibe amene akanatiuza.

Titatuluka m'tchalitchi tinapita ku Nancholi, kumene anamanga chisakasa pabwalo la bambo. Anatikhazika pamipando kutsogolo, ine m'diresi loyera, mwamuna wanga akutuluka thukuta m'kolala, akumwetulira aliyense. Mwambo unali woti mkwatibwi aziyang'ana pansi, asaseke, asalankhule. Akazi atayamba kuimba ndi kuwomba m'manja, apongozi anga anali oyamba kulowa m'bwalo. Anthu anadabwa, chifukwa panalibe amene anawaonapo akuvina. Anavina ngati mtsikana, nsalu itamangidwa m'chiuno, duku litapendekeka, mapazi akuwaza fumbi. Nyimbo ikatha ankayambitsa ina. Amayi anga, amene anali atawakhululukira theka lokha, analowa nawo, ndipo awiriwo anavina moyang'anizana anthu akukuwa. Mwamuna wanga anandinong'oneza kuti taona, amayi akondwa, ndinkakuuza ine kuti amakukonda.

Ine ndinkaba kuyang'ana, ndikuwerenga mpweya wawo, ndikudikira kuti agwa pa nyimbo iyi kapena inayo. Atadutsa pafupi ndi mpando wanga anawerama ngati akundikonza nkhata, n'kundifunsa chapansipansi ngati akuvina bwino. Misozi inayamba kutsika, ndipo sindinathe kuiletsa, inanyowetsa diresi la telala mpaka pachifuwa.

Amayi achikulire amene anakhala kumbuyo kwanga anagwedeza mitu mokhutira. Ndinamva mmodzi akuuza mnzake kuti atsikana a m'tauni masiku ano amakwatiwa akuseka ngati apita kukanema, koma uyu yekha analangidwa bwino, taonani mmene akulirira amayi ake.